Mndandanda wa mafumu si nkhani

Ndatopa kulemba mawu omweomwewo ndi cholembera chofiira m'mphepete mwa mapepala a anthu, ndiye lero ndiwanenere pagulu. Ngati buku lanu la dziko lopeka likuyamba ndi milungu isanu ndi iwiri itakhala pansi kupangana zolenga mapiri, kenako masamba makumi atatu a mayina a mafumu, nkhondo zawo ndi malire a maiko awo, nkhani simunaiyambe. Mwangosesa bwalo, gule sanalowe. Ntchito yanga ndi yokonza zolemba za anthu zisanapite kosindikiza, ndipo achinyamata olemba za maiko a m'maganizo akuchuluka ndithu, zomwe zimandikondweretsa. Koma pafupifupi onse amabwera ndi nthenda imodzimodziyi.

Ndikawafunsa, yankho limakhala lakuti, "Nanga si Tolkien adatero?" Ayi, sadatero. Pamene adayesa kutero adamukana.

J.R.R. Tolkien, mlembi wa ku England, adayamba kulemba nthano za dziko lake cha m'ma 1916 ndi 1917, akuchira matenda omwe adawatenga kunkhondo ya ku Somme ku France. Adapeka zilankhulo, china chomveka ngati cha ku Finland, china ngati cha ku Wales, ndipo adalemba za kulengedwa kwa dziko, za mafumu ndi za maufumu ogwa. Buku la The Hobbit litatuluka mu 1937 n'kuyenda malonda, kampani ya Allen & Unwin, yomwe idalisindikiza, idamupempha lina. Iye adawatumizira nthano zake zakalezo. Iwo adazibweza, nati akufuna nkhani ina ya ma hobbit, tianthu tatifupi ta m'bukulo. The Lord of the Rings, lomwe lidatuluka mu 1954 ndi 1955, mutu wake woyamba ndi phwando la tsiku lobadwa la nkhalamba ina pamudzi, anthu akudya, akumwa, akujeda mwini phwando. Mawu oyamba alipo, inde, koma ndi ofotokoza za ma hobbit ndi fodya wawo. Mndandanda wa mafumu a Gondor ndi Rohan, maiko a m'nkhaniyo, uli kumapeto kwenikweni kwa buku lachitatu, komwe wowerenga amafika atawakonda kale anthuwo ndipo akufuna yekha kudziwa makolo awo.

Za mapu sindinenapo zambiri. Jambulani, akuthandizani kuti munthu wanu asayende ulendo wa mwezi pa masiku awiri. Basi.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi mmene olembawa amaionera mbiri. Amailemba ngati lipoti la ku ofesi: chidachitika ndi ichi, chaka chake ndi ichi, ndipo mtundu uliwonse m'dzikomo ukugwirizana nazo. Kodi mudaona kuti dziko lotere? Pitani ku Nsanje mukafunse za Mbona wa ku Khulubvi. Mkulu wina adzakuuzani chifukwa china chomwe adaphedwera, wina adzatchula wina amene adatuma omupha, ndipo aliyense adzalumbira kuti yake ndiyo yoona. Wofufuza wina, Matthew Schoffeleers, adasonkhanitsa nkhani zosiyanasiyanazi m'buku lake la mu 1992, ndipo kusiyana kwakeko ndiko kumaonetsa amene ankalimbirana mphamvu m'chigwa cha Shire. Nthano ya chiyambi imakhala ndi eni ake, ndipo eni akewo amakhala ndi chomwe akuteteza: munda, kachisi, mpando. Ngakhale mapazi a pathanthwe la Kaphirintiwa amakambidwa ndi anthu amene akufuna kunena kuti kwathu ndi kuno.

Tolkien ankachidziwa chimenechi. M'kope loyamba la The Hobbit, cholengedwa china chotchedwa Gollum chidalonjeza Bilbo, hobbit yemwe ndi mwini nkhani, mphete yake yamatsenga ngati mphatso chikagonja pa mpikisano wa zirapi. Mphete itasanduka chinthu choopsa m'buku lotsatira, zoti mwini wake angaipereke mwaufulu sizikadamvekanso. Tolkien adaulembanso mutuwo n'kutuluka m'kope la mu 1951, koma nkhani yakaleyo sadaitaye. Adaisandutsa bodza lomwe Bilbo ankauza anzake pofuna kuti mpheteyo ioneke ngati yake mwachilungamo. Mbiri ya dziko lopeka imakhala ndi moyo motero, pamene wina m'katimo akunama, wina waiwala, wina akuimba nyimbo yomwe tanthauzo lake salidziwanso.

Tsono za mitundu. Pafupifupi m'zolemba zonse zomwe ndimalandira muli mtundu wa kumpoto wa ankhondo okhaokha, mtundu wa m'nkhalango wa anzeru okhaokha, ndi mtundu wina woipa kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Apa ndiye musatsanzire Tolkien n'komwe, chifukwa ma Orc ake, mtundu woipa wa m'mabuku ake, adamusautsa iye mwini mpaka ukalamba. Ankasinthasintha chiyambi chawo posapeza mmene mtundu wonse ungabadwire woipa. Ndipo n'chifukwa chiyani mfumu iliyonse m'maiko anu imasiyira mpando mwana wake wamwamuna woyamba, pamene inu mudakulira komwe ufumu umatsata kuchikazi, mwana wa mlongo n'kulowa m'malo mwa amalume ake? Ufumu wa Maravi udagawikana pakati pa Kalonga, Undi ndi Lundu, anthu a banja limodzi la Aphiri, pomwe za mvula ndi akachisi zinkadziwika kwambiri ndi Abanda. Sindikuti mukopere zimenezi n'kungosintha mayina. Ndikuti mufunse dziko lanulo mafunso omwe mumawadziwa kale: mchere amautenga kuti, chitsulo amasula ndani, mwamuna akakwatira amapita kuchikamwini kapena amatenga mkazi, maliro a mlendo amaika ndani. Malire a maiko amabadwa m'mayankho a mafunso otere. Chipale chofewa ndi nyumba zamiyala za mafumu a ku Ulaya, zomwe mudangoziona pa kanema, zimatuluka zozizira papepala.

Pali mphunzitsi wina wa kupulayimale amene nkhani yake imandiwawabe. Adabwera ndi makope a chikuto cholimba atawamanga ndi mphira wa tayala la njinga. M'katimo munali dziko la mitundu isanu yozungulira nyanja yowawa mchere, mtundu uliwonse ndi mafumu ake, miyezi yake, ngakhale miyambi yake. Zambiri zinali mndandanda womwe ndanena uja. Koma pakati pa kope lina panali masamba awiri okha a mayi wogulitsa mchere ataima pa doko, msilikali akumuuza kuti sawoloka pokhapokha atanena amene adamiza ng'oma ya mulungu wa nyanjayo. Tsidya lino ankati adamiza ndi a tsidya lija, a tsidya lija ankati ndi a tsidya lino, ndipo mayiyo mwamuna wake anali wa kuno, mwana wake wodwala ali uko. Ndidamuuza kuti buku lake lili pamasamba awiriwa, ayambire pomwepa. Adaseka mwaulemu, nati ayambe wamaliza kaye mbiri ya mtundu wachisanu, chifukwa zaka za mafumu ake sizinkagwirizana ndi za mtundu wachitatu.

Chaka chidatha, china n'kutha. Nditakumana naye anali atawonjezera mtundu wachisanu ndi chimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kupeka dziko kumakoma kuposa kulemba nkhani, chifukwa mapu sakukana ndipo mfumu ya pamndandanda siifuna kuti uipatse mawu olankhula. Munthu amadzimva kuti akugwira ntchito usiku uliwonse, chikhalirecho akuthawa ntchito yeniyeniyo. Tolkien yemwe mumamutamayo adamwalira mu 1973 nthano zake zazikulu zisanathe, patapita zaka zoposa makumi asanu chiziyambireni. The Silmarillion, buku la nthanozo, lidatuluka mu 1977 chifukwa mwana wake Christopher adakhala pansi kusanja mapepalawo, ndipo pambuyo pake adatulutsanso mabuku 12 a zotsalira za bambo ake pakati pa 1983 ndi 1996. Inu muli naye mwana wotero? Ambirife makope athu adzadyedwa ndi chiswe, kapena adzakulungira mandazi.

Mphunzitsi uja chiswe sichidamupeze, adamupeza ndi kamberembere. Munthu wina wa pa Facebook, wodzitcha wosindikiza mabuku, adamuuza kuti zolemba zakezo ndi zakupsa kale, sizifunika kukonza, ndipo akangolipira zidzagulidwa mpaka ku America. Adatumiza ndalama pafoni, malipiro a miyezi ingapo, n'kuperekanso makope enieniwo kuti akawataipe. Nambala ija idasiya kupezeka. Masamba awiri a mayi wa mchere adapita nawo limodzi, ndipo mwini wake akuti akayesa kuwalembanso satuluka mmene adaalili.

Anthu oterewa achuluka, ndipo amakonda olemba za maiko opeka chifukwa amadziwa kuti munthu amene wasunga dziko lake m'mutu zaka zambiri ali ndi ludzu loti wina amuuze kuti ndi lokongola. Chizindikiro choyamba n'chimenecho: wakuyamikirani buku lonse pa tsiku limodzi, osatchula dzina la munthu ngakhale mmodzi wa m'nkhanimo, osapeza cholakwa chilichonse. Mkonzi weniweni amakukwiyitsani. Wosindikiza weniweni amaika ndalama zake pa buku lanu n'kukupatsani gawo la zogulitsa, ndipo zonse zimalembedwa pa mgwirizano womwe mumapita nawo kunyumba kukawerenga. Kulipira makina kuti akusindikizireni nokha si tchimo, bola mudziwe kuti mwagula ntchito ya makina, ndipo mabukuwo ndi umwini wake zikhale zanu. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti buku lanu "lilowe pa Amazon", dziwani kuti kuika buku pamenepo n'kwaulere. Akati mumulipire kuti akupezereni umwini wa zolemba zanu, dziwani kuti umwiniwo umayamba pomwe mwalemba. Za malamulo ake kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba ndi zaluso m'Malawi, osati kwa munthu wa mu inbox.

Ndipo makope enieni sapatsidwa munthu. Jambulani tsamba lililonse pafoni, mudzitumizire nokha pa imelo, wotaipa mumupatse fotokope. Akakana fotokope, tengani katundu wanu muzipita.