Ukapolo sunathe ndi chifundo cha azungu chokha ayi

Ambirife tinakula tikumva zoti ukapolo unatha chifukwa azungu ena a mtima wabwino ku Britain anagwidwa chisoni basi, ngati kuti akapolowo anangokhala phee kudikira wowamasula. Zimandiwawa kwambiri zimenezi chifukwa si mmene zinayendera.

Ku Saint-Domingue, komwe pano timati Haiti, akapolo anaukira mu 1791 ndipo anamenya nkhondo zaka zambirimbiri mpaka anagonjetsa asilikali a Napoleon, mtsogoleri wa France yomwe inkalamulira dzikolo, n'kukhala dziko lodzilamulira mu 1804. Ku Jamaica nako, komwe kunkalamulidwa ndi Britain, nthawi ya Khirisimasi mu 1831, Samuel Sharpe, kapolo yemwe analinso dikoni wa mpingo wa Baptist, anauza anzake kuti anyanyale ntchito m'minda ya nzimbe mpaka ayambe kulipidwa, nkhani inakula minda inayaka moto anthu masauzande ambiri analowa nawo. Sharpe anamunyonga ku Montego Bay mu 1832, anzake mazanamazana anaphedwanso, ndiye mu 1833 palamenti ya Britain inavomereza lamulo lothetsa ukapolo. A William Wilberforce, phungu wa palamenti ya Britain yemwe ankalimbana ndi ukapolo, ndi anzawo anagwiradi ntchito, sindikukana, koma mantha a zipolowe zoterezi anakankhanso kwambiri.

Ndiye tamvani izi. Boma la Britain linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolo eni akewo osalandira olo khobidi, komanso anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838. Haiti nayo, France inailamula mu 1825 kuti ilipire mafuranki 150 miliyoni kuti ivomereze ufulu wake.