Musamulande mwana buku la "zabodza" lija chonde

Teremu iliyonse pamabwera kholo ku laibulale litanyamula buku m'manja ngati lagwira wakuba, ndipo mawu ake amakhala omwewo basi: "Madamu, mwanayu akungowerenga zabodza, zinjoka zolavula moto, anthu okhala kumwezi, zachikondi zopanda mutu, mupatseni mabuku anzeru." Ine mawu amenewa ndatopa nawo, ndikuuzeni zoona. Zaka zonse zomwe ndakhala ndikuyang'anira mabuku pasukulu komanso kuphunzitsa literature sindinaonepo mwana yemwe anasokonekera mutu chifukwa cha nkhani ya chinjoka, koma ana omwe anasiyiratu kuwerenga atalandidwa buku lomwe ankalikonda, amenewo ndawaona ndi maso angawa, ndipo mmodzi mwa iwo mpaka lero amandisowetsa mtendere.

Mawu oti "zabodza" omwewo ndi olakwika kale. Bodza ndi pamene munthu akufuna ukhulupirire kuti chinachake chinachitika pomwe sichinachitike. Wolemba fantasy, nkhani zopeka za matsenga ndi zinjoka zija, sakunamiza aliyense, iye akudziwa kuti wapeka, wowerenga akudziwanso, mwana wa zaka 10 amadziwa bwino lomwe kuti chinjoka kulibe. Amene amasokoneza zopeka ndi zenizeni nthawi zambiri ndi akuluakulu, tifikako.

Nanga mkatimo muli chiyani? Mary Shelley anayamba kulemba Frankenstein ali ndi zaka 18 zokha, bukulo linatuluka mu 1818, ndipo ambiri amaliwerenga ngati chiyambi cha science fiction, nkhani zopeka zotsamira pa sayansi. Anthu amangokumbukira chilombo cham'mafilimu chija, koma nkhani yake njoti munthu wophunzira wapanga chamoyo, wachiona kuti sichikuoneka bwino, wachithawa, ndiye chikayamba kupha anthu wolakwa ndani? Funso lomwelo ndi limene anthu akukanganirana lero pa nkhani ya makompyuta oganiza okha. Ngakhale liwu loti robot linachokera mu sewero la Karel Čapek la mu 1920, kuchokera ku liwu la chiCzech loti robota, kutanthauza ntchito yokakamizidwa, ndipo seweroli limakamba za antchito opangidwa mufakitale omwe atopa ndi kugwiritsidwa ntchito ngati zida. Mwana amene akuwerenga zimenezi akuganiza za udindo, za mabwana ndi antchito, koma inu mwangoona chikuto chokha n'kugamula kuti ndi zachibwana.

Zachikondi ndiye zimanyozedwa kwambiri, mwina chifukwa owerenga ambiri ndi atsikana, ndangodutsamo. Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya mu 1813, anthu amati ndi nkhani ya mtsikana wofuna mwamuna wolemera. Werengani bwino. Banja lili ndi ana aakazi asanu, lamulo la malo awo likuti bambo akamwalira nyumba ipita kwa wachibale wamwamuna, ndiye mayi uja akamathamangathamanga kusakira ana ake amuna sikuti wapenga ayi, akuopa kuti ana adzasowa pokhala. Ndipo mtsikana yemwe ndi mwininkhani amakana amuna awiri, mmodzi ndi yemwe adzatenge nyumbayo. Mtsikana wa zaka 14 akaona munthu akukana ukwati womwe aliyense akumukankhira, waphunzirapo kanthu komwe buku la masamu silingamuuze. Sindikunena kuti mabuku onse achikondi ndi abwino, alipo ena olembedwera akuluakulu omwe sindingabwereke mwana, ndipo alipo ena omwe amandikwiyitsa chifukwa amaonetsa mwamuna wansanje, wolondalonda mkazi, womuletsa kucheza ndi anzake, ngati kuti chimenecho ndiye chikondi chenicheni. Koma mankhwala ake ndi kukhala pansi n'kumufunsa mwanayo, "iwe, mnyamata wa m'bukumu akamamulanda foni mtsikanayu, ukuona ngati ndi chikondi?" Mudzadabwa ndi zomwe adzayankhe.

Tsopano za mwana uja. Anali ndi zaka 13, wachete, koma ankamaliza mabuku awiri kapena atatu pa sabata, fantasy ndi zachikondi zosakanikirana, ndipo akabweza buku ankaima pa tebulo langa n'kuyamba kudandaula kuti wolemba walakwitsa kupha munthu wakutiwakuti, mpaka belu kulira. Tsiku lina kunabwera bambo ake, munthu waulemu ndithu, sanakalipe, anangoti masamu a mwanayo atsika ndiye ndisamubwerekenso mabuku a nkhani mpaka adzalembe mayeso, azingotenga a maphunziro. Ndinavomera. Apa ndi pamene pamandipweteka, ndinavomera osatsutsa ngakhale pang'ono, chifukwa ndinaona ngati ndi ufulu wa kholo komanso ndinkati ndi miyezi yochepa chabe. Masamu aja sanakwere, vuto lake linali lina, sankamva ma fraction kuyambira kale ndipo panalibe yemwe anakhala naye pansi. Chomwe chinasintha n'choti anasiya kubwera. Patatha zaka ziwiri ndinamuphunzitsa m'kalasi, chimangirizo chake chinali chouma gwa, ziganizo zifupizifupi zoloweza, mwana yemwe kale ankatha kukangana nane za mathero a buku. Nditamuitana n'kumupatsa buku lachitatu la nkhani yomwe anaisiyira pakati, anangomwetulira n'kunena kuti "Madamu zimenezo zinandichoka."

Ndiye makolo amene mumati "adzawerenga akamaliza mayeso", mvetserani. Chilakolako chowerenga sichimadikira. Pali zaka zina, cha m'ma 9 mpaka 14, pamene mwana amatha kumira m'buku osamva ngakhale mukumuitana, ndipo mukamutsekera nthawi imeneyo malo aja sakhala opanda kanthu, foni imalowapo, timavidiyo ta masekondi 30 timalowapo. Mwana amaphunzira kuwerenga mwachangu, kusunga anthu khumi m'mutu, kutsatira nkhani ya masamba 400, pochita zimenezo mobwerezabwereza, ndipo palibe mwana amene angabwereze chinthu chomwe chikumutopetsa. Mayeso omwe mukuwaopawo amafunanso luso lomwelo, funso la sayansi lalitali nalonso ndi lofunika kuliwerenga n'kulimvetsa.

Koma amene amandinyansa kwenikweni ndi akatswiri abodza omwe adzaza pa YouTube, TikTok ndi m'magulu a WhatsApp. Ena amati mafilimu a science fiction ndi maulosi obisika, kuti opanga mafilimu amadziwiratu zomwe zikubwera, ndipo chitsanzo chawo chachikulu ndi Contagion ya mu 2011 yomwe akuti "inalosera" Covid. Aaa, abale. Opanga filimu ija anafunsa akatswiri a miliri kuti matenda atsopano angafale bwanji, ndipo mliri wa SARS unali utavuta kale mu 2003, palibe chinsinsi apa, anangochita kafukufuku. Enanso amatchula wolemba mabuku Jules Verne kuti m'buku lake la mu 1865 analosera ulendo wa kumwezi wa mu 1969, eya, anaika anthu atatu ndipo ananyamukira ku Florida, zimenezo zinafanana, koma iye anthu akewo anawaombera ndi chimfuti chachikulu, chomwe m'moyo weniweni chikanawaphwanya asanatuluke n'komwe. Zomwe analakwitsa sazitchula. Munthu wamkulu akakhulupirira zoterezi, ameneyo ndiye wasokoneza zopeka ndi zoona, osati mwana wanu wa chinjoka uja.

Gulu lina ndi loopseza makolo kuti buku lililonse lokhala ndi mfiti kapena matsenga likulowetsa mwana ku zausatana, ndipo ambiri mwa iwo bukulo sanalitsegule n'komwe, anangomva kwa wina yemwe nayenso anamva kwa wina. Tolkien, wolemba The Hobbit ya mu 1937, anali Mkatolika wolimbikira kupemphera, mnzake C. S. Lewis wa mabuku a Narnia analembanso mabuku ambiri oteteza Chikhristu. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulola nkhani zina, ndi ufulu wanu ndipo ndimaulemekeza, koma gamulani mutawerenga nokha machaputala atatu, osati chifukwa cha voice note ya munthu yemwe simukumudziwa. Ndipo musamusiye mwana chimanjamanja, bwerani tipeze lina lomwe inu mungalole koma iye angalikondenso.

Palinso awa ogulitsa "buku lonse m'mphindi 15", ndi ma channel ofotokoza filimu yonse m'mphindi khumi ndi mawu a kompyuta. Ana anga ena amabwera n'kunena kuti "ndaionera kale", ukafunsa kuti unamva bwanji pamene munthu wa m'filimu uja anabwerera yekha, amangokuyang'ana, akudziwa zomwe zinachitika koma sanamve kalikonse. Kukoma kwa nkhani ya chikondi kuli pa kudikira kuja, masamba 200 anthu awiri akulephera kuuzana chinthu chimodzi iwe mtima uli m'mwamba, ukachotsa zimenezo watsala ndi mndandanda wa mayina basi.

Masiku ano kholo likabwera ndi pempho ngati la bambo aja sindivomeranso msanga. Ndimawapatsa mpando, ndimafunsa kuti phunziro lomwe latsika ndi liti ndipo mphunzitsi wake wati vuto ndi chiyani, kenako timagwirizana za nthawi, homuweki kaye, buku pambuyo. Ena amamva, ena amachoka atakwiya kuti madamu akulowerera za m'banja. Buku lachitatu lija likadali pa shelefu, chikuto tinachimata ndi tepi kawiri konse chifukwa ana ena amalibwereka kwambiri.