Kujambula pa Auto si umbuli

Pakati pa ojambula zithunzi kuno ku Kasungu pali maganizo akalekale akuti woika kamera pa Auto sadziwa ntchito, katswiri amakhala pa M basi (Manual, pomwe wojambula amasankha yekha zonse). Si zoona, ndipo maganizo amenewa aonongetsa zithunzi za maukwati ambiri.

Pa Auto kamera imayeza kuwala n'kusankha yokha zinthu zitatu: kukula kwa bowo la lenzi, liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala) ndi ISO (mphamvu ya kamera yogwira kuwala). Imatero musanaphethire n'komwe. Wongoyamba kumene akamalimbana ndi mabatani pa M, mkwatibwi amakhala atadutsa kale.

Taonani kagudumu kapamwamba pa kamerapo. Kachizindikiro ka munthu wothamanga kamafulumizitsa shata, ndiye ngakhale gule avine fumbi lili koboo, miyendo imaoneka bwinobwino (koma muyambe mwapempha eni dambwe). Kamutu ka munthu kamakulitsa bowo kuti zakumbuyo zizimiririke, nkhope yokha itsale. Kaphiri n'kojambulira malo otambalala ngati damu la Lifupa.

Pomwe Auto imapusa ndi pamene dzuwa lili kumbuyo kwa munthu. Imatengeka ndi kuwala kwa kumwamba, nkhope n'kuda bii. Apo mutembenuzeni munthuyo ayang'ane kowala, kapena pitani pa P (Program, pomwe kamera imasankhabe yokha koma imakulolani kusintha zina) muwonjezere kuwala ndi +1.