Roketi yobwerera pansi ikutikhudza bwanji ife a kuchigwa?

Dzuwa likangolowa, ena mwa inu mwaonapo timiyuni tikuyenda pamzere kumwamba, mondondozana, popanda phokoso. Ophunzira anga a sayansi amandifunsa kawirikawiri ngati ndi nyenyezi. Ayi. Ndi masetilaiti a intaneti a Starlink amene angotulutsidwa kumene mu roketi, asanabalalike kupita m'malo awo pamtunda wa makilomita mazana angapo. Tikuwaona pafupipafupi chifukwa maroketi akunyamuka kwambiri masiku ano. Kuyambira 2010 mpaka 2017, dziko lonse linkatumiza maroketi osakwana 100 pachaka. Mu 2024 anafika pafupifupi 260, ndipo 134 mwa amenewa anali a mtundu wa Falcon a kampani imodzi, SpaceX ya ku America, yomwenso ndi mwini wake wa Starlink.

Chinasintha n'chiyani? Kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa, chiyenera kuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Liwiro lotere limafuna mafuta osaneneka. Falcon 9 ndi yaitali mamita 70, imalemera matani oposa 500, ndipo kulemera kwake kwambiri ndi palafini woyengedwa bwino pamodzi ndi okosijeni woziziritsidwa mpaka kusanduka madzi. Koma mafutawo si amene amadula kwambiri. Chodula ndi injini ndi thupi la roketiyo. Kwa zaka zambiri, gawo lam'munsi la roketi likamaliza ntchito linkangogwera m'nyanja. Tayerekezani mwini bwato ku Chiromo akusema bwato latsopano pa ulendo uliwonse, n'kulimiza akangowolotsa anthu. Ndani angakwanitse kulipira?

Aku America anayesapo kale roketi yobwerera pansi yotchedwa Space Shuttle, imene inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, koma kuikonza ikatera kunkadya ndalama ndi nthawi yambiri. Zinthu zinatembenuka mu Disembala 2015, gawo lam'munsi la Falcon 9 litatera chilili ku Cape Canaveral ku America. Mu Malichi 2017 anaulutsanso gawo lomwe linali litaulukapo kale.

Kateredwe kake n'kochititsa chidwi. Patapita mphindi ziwiri ndi theka roketi itanyamuka, gawo lam'munsi limalekana ndi lam'mwamba. Limatembenuka, mchira kutsogolo, n'kuyatsa zina mwa injini zake zisanu ndi zinayi kuti lichepetse liwiro lisanalowe mumpweya wokhuthala, apo ayi lingapse. Timapiko tinayi tooneka ngati sefa timaliwongolera. Likayandikira pansi injini imayakanso, miyendo inayi imatambasuka, ndipo limakhazikika pa sitima yopanda anthu pakati pa nyanja kapena pamtunda. Zonsezi zimatha mphindi khumi zisanakwane, ndipo akuyendetsa ndi kompyuta. Lero alipo magawo amene auluka maulendo oposa 20. Gawo lam'mwamba ndiye likutayidwabe, n'chifukwa chake SpaceX ikulimbana ndi kupanga roketi yatsopano ya Starship, imene akufuna kuti izibwerera yonse. Mu Okutobala 2024 gawo lake lam'munsi linagwidwa ndi manja achitsulo a nsanja ku Texas, ngakhale kuti ntchito yoiyesa ikadalipo yambiri.

Mwina wina akuti, aphunzitsi, ife tikuda nkhawa ndi dzuwa ndi madzi osefukira, za roketi zitithandiza chiyani? Namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, ndipo masetilaiti anamutsatira kwa mwezi wathunthu asanatifike mu Malichi. Machenjezo amene nthambi yoona zanyengo imaulutsa pa wailesi amadalira zithunzi zimenezi. Shire ndi Ruo zikasefukira, misewu itaduka, Makhanga atasanduka chilumba, masetilaiti a radar monga Sentinel-1 a ku Ulaya amaona kudutsa mitambo, ngakhale usiku, n'kusonyeza pomwe madzi afika. Mtengo wokweza zida kumwamba ukatsika, maso otere amachuluka ndipo chigwa chathu chimajambulidwa pafupipafupi.

Palinso kulumikizana. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja za mafoni nazo zimavutika. Kachipangizo ka intaneti ya setilaiti kokhala ndi sola yake sikadalira mawaya apansi, ndipo Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, MACRA itaipatsa chilolezo.

Komabe ndili ndi nkhawa, ndipo sindibisa. Theka la maulendo onse a m'mlengalenga likakhala m'manja mwa kampani imodzi, mitengo ndi malamulo zimachokera kwa iyo. Kampani ya Blue Origin ya ku America ndi makampani a ku China akupanga maroketi awo obwerera, ndipo mpikisano umenewu ndi wofunika kwa ife ogula. Kumwambako kukudzazanso. Masetilaiti a Starlink okha ndi masauzande, ndipo awiri akawombana, monga zinachitikira ndi setilaiti ya kampani ya Iridium ndi ina ya ku Russia mu 2009, zidutswa zake zimaopseza ena kwa zaka zambiri. Akatswiri oona nyenyezi nawo akudandaula kuti kuwala kwa masetilaitiwa kukuwaonongera zithunzi.

Ndipo kutsika mtengo kwa roketi sikutanthauza kuti banja la ku Bangula kapena ku Ngabu ligula chipangizocho. Mtengo wake ndi malipiro a pamwezi n'zolemetsa kwa mlimi wa thonje kapena mapira. Ine ndikuona kuti poyambira pabwino ndi malo a anthu onse: zipatala zing'onozing'ono za ku East Bank, sukulu zimene zimasanduka misasa madzi akabwera, ndi makomiti oona za ngozi m'midzi. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje aziike zimenezi mu bajeti mvula isanayambe, pamodzi ndi sola, mabatire ndi munthu wophunzitsidwa kuziyendetsa.