H-index ndi chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho, chitsanzo Edward Witten

Mukatsegula Google Scholar kusaka pulofesa wa physics woti akuyang'anireni pa PhD, pambali pa dzina lake pamakhala ka nambala kotchedwa h-index, ndipo ambiri timangoona kuti wina ali ndi 15 wina 90 osadziwa kuti zikutanthauzanji. Ndiye tiyeni tiiwone bwinobwino.

Kodi imawerengedwa bwanji?

Lamulo lake ndi lalifupi. Munthu akakhala ndi mapepala a kafukufuku 10 ndipo lililonse anzake alitchula kosachepera ka 10 m'mapepala awo, h yake ndi 10. Kuti ifike 11 pakufunika mapepala 11 otchulidwa ka 11 lililonse. Pepala limodzi olo litatchulidwa ka 5,000 limangowonjezera 1 basi.

Anaibweretsa ndani?

Jorge Hirsch wa ku University of California, San Diego, mu 2005. Iyeyo ankati pa physics h ya 12 ndi yoyenera munthu wopatsidwa ntchito yokhazikika pa yunivesite yaikulu, 18 ndi ya pulofesa. Ndiye pa anthu a physics amene anawawerenga, woposa onse anali Edward Witten wa ku Institute for Advanced Study ku Princeton, ndi 110. Tangoganizani, mapepala 110 ndipo lililonse latchulidwa ka 110 kapena kupitirira, ndipotu mu 2005 momwemo.

Nanga Witten anafika bwanji pamenepo?

Apa ndipamene nkhani ikukoma. Bamboyu digiri yake yoyamba inali ya history, physics anailowa pambuyo, koma zimene walemba zimagwiritsidwa ntchito ndi magulu awiri nthawi imodzi, a masamu ndi ofufuza tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse. Mu 1990 analandira Fields Medal, mphoto ya akatswiri a masamu, woyamba wa physics kuilandira. Mu 1994 iye ndi Nathan Seiberg anatulutsa ntchito imene inasinthiratu kagwiridwe ka a masamu pa nkhani ya ma dimension anayi, kenako mu 1995 anawonetsa kuti mitundu isanu ya string theory (ganizo loti tizidutswa tija kwenikweni ndi timaulusi tating'ono kwambiri) imene anthu ankaiona ngati yosiyana ikhoza kukhala nthambi za mtengo umodzi, womwe anautcha M-theory, ndipo mu 1998 anakulitsa ganizo la Juan Maldacena la 1997, mapepala awiriwa, la Maldacena ndi la Witten, mpaka lero ali m'gulu la otchulidwa kwambiri pa physics ya mtundu umenewu. Munthu akatsegula njira chonchi aliyense wodutsamo amayenera kumutchula, nambala imangotsatira m'mbuyo.

Ndiye wa h yotsika ndi wofooka eti?

Ayi ndithu, ndipo izi zimandikhudza kwambiri chifukwa anthu amanyozedwa nazo. Peter Higgs wa ku Edinburgh analemba mapepala ake aafupi mu 1964, pambuyo pake sanalembenso ambiri, osafika ndi 10 omwe. Kachidutswa kamene ananena kanadzapezeka ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa tizidutswa ku Ulaya, mu 2012, mu 2013 nkulandira Nobel pamodzi ndi François Englert. Mwini wakeyo ananena poyera kuti masiku ano sakanamulemba ntchito pa yunivesite poti akanamuona ngati wosatulutsa zokwanira. Palinso pepala la Steven Weinberg la 1967, lija linagwirizanitsa mphamvu ya electromagnetism ndi weak force, linakhala zaka zingapo pafupifupi popanda wolitchula mpaka Gerard 't Hooft atatsimikiza masamu ake mu 1971. Amene akanamuyeza Weinberg ndi pepala limenelo mu 1969 akanaphonya.

Nanga aja a ku CERN a nambala zikuluzikulu?

Samalani pamenepo. Pepala la ATLAS, limodzi mwa magulu a kafukufuku a ku CERN, limakhala ndi maina pafupifupi 3,000, ndipo lina la 2015 la ATLAS ndi gulu linzake la CMS pamodzi linali ndi 5,154. H-index sigawa, aliyense amalandira citation (kutchulidwa kwa pepala kuja) yathunthu, ndiye simungayerekeze membala wa gulu lotere ndi munthu wa theory amene amalemba yekha kapena ndi mnzake mmodzi. Sikuti a ku CERN sagwira ntchito ayi, amagwira zedi, kungoti nambalayo siikuuzani kuti iyeyo anachita gawo liti. Chimodzimodzi a masamu, iwo satchulana pafupipafupi ndiye h zawo zimakhala zotsika.

Bwanji nambala ya munthu mmodzi imasiyana malo ndi malo?

Webusaiti iliyonse imawerenga zake. Google Scholar imatola chilichonse ndi ma thesis omwe ndiye imakwera, Scopus ndi Web of Science amasankha ma journal. A particle physics eni ake amadalira INSPIRE, imene inalowa m'malo mwa SPIRES, imakulolani kuchotsa ma citation amene munthu wadzitchula yekha.

Ndikufuna supervisor, ndiyang'ane chani?

Kumbukirani kuti h siitsika, munthu olo atasiya kafukufuku kalekale imakhalabe pomwepo. Ndiye pitani pa arXiv, webusaiti imene ofufuza amaikapo mapepala awo, yomwe Paul Ginsparg anayambitsa mu 1991 ndipo ndi yaulere, muone zimene walemba zaka zitatu zapitazi, muwerengeko pepala limodzi olo movutikira, ndipo muone ngati maina a ophunzira ake akuwonekera pa mapepalawo.