Galu akamatsegula magazi si nthawi zonse aneba amuthira poizoni

Tsiku lina m'mamawa kunabwera bambo wina kuchokera cha ku Kamwendo, galu ali mu dengu pa kaliyala ya njinga. Moni sanapereke n'komwe, "Adokotala, anthu andiphera galu, amudyetsa tameki." Akuti dzulo lake anali bwinobwino, chakumadzulo anayamba kusanza, pofika pakati pa usiku akungotulutsa madzi ofiira osakanizika ndi zonanda. Nditakweza mlomo nkhama zinali zouma zomata chala, chikopa cha pamsana nditachikoka chinangoima osabwerera. Koma dovu panalibe, sankanjenjemera, pomwe galu wodya tameki amachucha dovu thupi lonse likugwedezeka. Ndinawauza kuti bambo, poizoni alipodi koma wapangidwa m'mimba mwake momwemo.

Pali bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens amene amakhala m'dothi komanso m'matumbo mwa agalu ambiri osadwala n'komwe. Vuto limabwera akaswana mwadzidzidzi, makamaka mtundu wake wina umene umatulutsa poizoni wotchedwa NetF, amene akatswiri a ku Guelph ku Canada anamufotokoza mu 2015. Poizoniyu amaboola timabowo pa maselo a khungu la mkati mwa matumbo, maselowo n'kufa n'kumasupuka, ndiye madzi a m'thupi pamodzi ndi magazi amangokhuthukira m'matumbo n'kutuluka. Zonanda mumaonazo ndi zimenezo.

Chimene chimandipweteka n'choti anthu amaopa magaziwo pomwe chimapha galu ndi kutha kwa madzi. Tikayeza magazi a galu wabwino maselo ofiira amakhala pakati pa 37 ndi 55 pa 100, koma wodwala nthendayi amatha kupitirira 60, magazi amalimba ngati phala, mtima umavutika kuwapopa, impso zimasowa madzi, ndipo galu amene anali kulondera dzulo akhoza kufa mawa. Mankhwala ake enieni ndi dripi basi. Akailandira msanga ambiri amadzuka pa masiku awiri kapena atatu, wa bambo ujanso tsiku lachitatu anali akunyambita phala.

Ndiye chonde makapusozi a antibayotiki ogula pa golosale aja musamukankhire kukhosi. Ku Munich ku Germany mu 2011 anayesa kupatsa agalu ena a nthendayi amoxicillin ena osawapatsa, onse ali pa dripi, ndipo anachira chimodzimodzi. Ma antibayotiki timawasungira amene tizilombo talowa m'magazi, watentha thupi kapena wafookeratu, ndipo zimenezo aone ndi a vetenale. Brufen ndi Indocid ndiye ayi ndithu, amenewa paokha amachititsa zilonda m'mimba mwa galu, mukungowonjezera magazi otuluka.

Komanso si kutsegula kwa magazi kulikonse kuli Clostridium. Kagalu ka pakati pa masabata 6 ndi miyezi 6 kosabayitsa katemera ine ndimayamba kuganiza za parvo, nthenda ya vayirasi imene nayonso imatsegulitsa magazi, ndipo ambiri kuno ku Mchinji timangodziwa katemera wa chiwewe, wa parvo ndi wina wapadera, funsani. Njoka za m'mimba zoyamwa magazi nazo zimapangitsa chimbudzi chakuda ngati phula, nkhama n'kuyera mbee.

Ngati muli kutali ngati ku Mkanda ndipo transipoti ikuvuta, sungunulani Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa muzimupatsa pang'onopang'ono ndi sipuni m'mbali mwa kamwa, akamasanza chilichonse musakakamize, ameneyo ndi wa dripi, pezani njinga yamoto lero lomwe. Chimbudzi chake kwirirani mozama musambe m'manja ndi sopo, ana asasewere naye kaye chifukwa mabakiteriya ena otsegula m'mimba monga Salmonella ndi Campylobacter amagwiranso anthu. Nkhuku zofa zokha musamataye pa dzala pomwe galu angafukule, zikwirireni kapena kuziwotcha.