Chilumba chimayamba kufera m'chitsime

Anthu akamva zoti nyanja ikukwera, amaganiza za chigumula chobwera usiku umodzi. Ayi, zimachitika mwakachetechete. Kuchokera cha m'ma 1900, madzi a m'nyanja zikuluzikulu akwera ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo pano akukwera mamilimita oposa 3 chaka chilichonse. Munthu wa ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, akhoza kungoseka. Koma ku Tuvalu, dziko la tizilumba lokhala ndi anthu pafupifupi 11,000 m'nyanja ya Pacific, malo okwera kwambiri safika n'komwe mamita 5.

Chimakweza nyanja ndi kutentha. Madzi akatentha amafufuma, ndiye kuwonjezera apo madzi oundana a ku Greenland, Antarctica ndi m'mapiri ataliatali akusungunuka n'kutsikira m'nyanja.

Ife a ntchito ya zitsime ndi mijigo timayang'ana pansi, osati pa mafunde. Zilumba za ku Tuvalu zilibe mitsinje. Mvula ikagwa imalowa mumchenga n'kukayandama pamwamba pa madzi amchere, ngati mafuta pa msuzi, chifukwa madzi abwino ndi opepukirapo. Ndiwo amene chitsime chimatunga. Nyanja ikakwera pang'ono chabe, kapena mafunde akasefukira kumtunda, mchere umalowerera. Mayi amatunga madzi ooneka oyera bwinobwino, koma kulawa, mchere wokhawokha. Ku Tuvalu amalima pulaka, chomera chofanana ndi koko, m'maenje okumba mpaka kufika pa chinyezi. Mchere ukafika m'dzenjemo, masamba amachita chikasu, mizu n'kuola. Nyumba ikadali chilili, koma pakhomopo palibenso chakumwa kapena cholima.

N'chifukwa chake atsogoleri akumeneko sakudikira kuti amire. Mu 2014 dziko la Kiribati, lomwenso ndi la tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, pansi pa pulezidenti Anote Tong, lidagula malo ku Fiji. Mu 2023 Tuvalu idagwirizana ndi Australia kuti anthu okwana 280 azisamukira kumeneko chaka chilichonse. Kwa ine mgwirizanowu ndi wanzeru, komabe ndi wowawa: munthu angasamutse katundu, nanga manda a makolo?

Tisamati ndi zakutali. Malasha a ku Moatize, amene sitima za pamtunda zimanyamula kupita ku Beira ndi Nacala, amakawotchedwa ku India ndi mayiko ena, ndipo mpweya wake ndi womwewo ukutenthetsa dziko. Zoona, gawo la Mozambique pa utsi wa dziko lonse ndi lochepa zedi poyerekeza ndi mayiko olemera. Koma Beira, mzinda umene namondwe Idai adausakaza mu Marichi 2019, uli m'chidikha cha m'mphepete mwa nyanja, chimodzimodzinso Quelimane, komanso Chinde kumene Zambezi wathuyu amathira m'nyanja. Kumeneko mjigo ukapopedwa mopyola muyeso umakoka mchere kuchokera pansi, ndipo mchere ukalowa m'chitsime pamatenga zaka kuti madzi abwererenso mwakale.